Chaka chitatha: wopereka chiphakasa n'kutenga Corolla yatsopano ku America anapindulanji?

Mu Julaye ndi Ogasiti 2009 boma la America linkalipira anthu kuti apereke galimoto zawo zakale zomwa mafuta kwambiri n'kugula zatsopano. Pa pepala dongosololi linkatchedwa Car Allowance Rebate System, koma pakamwa pa anthu linali Cash for Clunkers, ndiye kuti ndalama posinthana ndi ziphakasa. Barack Obama anasaina lamulo lake pa 24 Juni, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA ndi lomwe linkayendetsa, ndipo pofika pa 24 Ogasiti zonse zinatsekedwa, galimoto pafupifupi 680,000 zitasinthidwa, ndalama pafupifupi madola 2.9 biliyoni zitapita. Galimoto yomwe inagulidwa kwambiri inali Toyota Corolla. Yomwe inaperekedwa kwambiri inali Ford Explorer yokoka ndi mawilo onse anayi. Tiyeni titsate munthu amene anachita kusinthana kumeneku kwa miyezi 12 yoyamba, tione zomwe zinatsala m'thumba mwake chisangalalo cha fungo la galimoto yatsopano chitazilala.

Malamulo ake anali otere. Yakaleyo inayenera kukhala yosapitirira zaka 25, yoti ikuyendabe, yolembetsedwa m'dzina lanu komanso yokhala ndi inshuwalansi chaka chathunthu osadukiza, ndipo yoyenda mamailosi 18 kapena kucheperapo pa galoni (galoni imodzi ndi malita pafupifupi 3.8), komwe ndi makilomita 7.7 pa lita. Yatsopanoyo, ngati ndi galimoto wamba, inayenera kufika mamailosi 22 pa galoni, mtengo wake osapitirira madola 45,000. Ikaposa yakaleyo ndi mamailosi 4 pa galoni mumalandira madola 3,500, ikaposa ndi 10 mumalandira 4,500. Galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito sinkaloledwa, ngakhale ikhale yosamwa mafuta bwanji. Wa Explorer wotenga Corolla ankalandira 4,500 yonse mosavuta.

Chomwe ambiri anachizindikira ali kale pa tebulo la wogulitsa n'choti ndalamayi sinali yowonjezera pa mtengo wa galimoto yakaleyo. Inali m'malo mwake. Popeza galimotoyo inkapita kukaphwanyidwa, wogulitsa sakanaigulitsanso, choncho mwiniwake ankangopeza ya bomayo ndi kangachepe ka mtengo wa zitsulo, wogulitsa atachotsapo mpaka madola 50. Ngati Explorer yanu ikanagulidwa madola 1,500 pamsika, phindu lanu lenileni linali 3,000. Ngati ikanagulidwa 4,000, munapindula 500 yokha, n'kupha galimoto yabwinobwino.

Kuphako kunali kwenikweni. Makaniko ankatsegula pansi n'kukhetsa oyilo yense, kubwezera chotsekera, kenako kuthira malita pafupifupi 1.9 a mankhwala a sodium silicate, magawo 40 pa 100 osakaniza ndi madzi magawo 60. Akaliza injini ankaiponda kufika pa 2,000 pa geji ya kuzungulira kwa injini n'kuisunga pomwepo. Injini ikatentha madzi aja amauluka, chotsalacho chimauma ngati galasi m'njira zonse zomwe oyilo amadutsa, n'kuyamba kupala ma bearing ndi mapisitoni. Pakati pa mphindi 3 ndi 7 injini inkayamba kugogoda, kufuka, kenako zii. Ankadikira ola limodzi kuti izizire n'kuyesanso kuliza, ndipo ikadzuka ankabwereza. Makaniko aliyense amene anakulira kudzutsa mainjini onoka angamve kuwawa poona zimenezi, koma cholinga chinali chomveka: injiniyo isadzapezekenso m'galimoto ina. Ophwanya galimoto ankapatsidwa masiku 180 oti achotse zitseko, magalasi, mipando ndi masipeya ena ololedwa, chotsalacho chilowe m'makina.

Tsopano mafuta, pomwe panagona nkhani yonse. Ziwerengero za boma zinaonetsa kuti galimoto zoperekedwa zinkayenda mamailosi 15.8 pa galoni tikaphatikiza zonse, pomwe zogulidwa zinkayenda 24.9. M'makilomita ndi 6.7 ndi 10.6 pa lita. Corolla ya 2010 ya injini ya 1.8 yosintha yokha magiya inalembedwa mamailosi 29, kapena makilomita 12.3 pa lita. Munthu woyenda makilomita 19,300 pa chaka, womwe ndi mtunda wamba kumeneko, ankathira malita pafupifupi 2,880 m'chiphakasa chija, koma mu Corolla 1,570. Kusiyana kwake ndi malita 1,300. Petulo nthawi imeneyo anali cha m'ma madola 2.60 pa galoni, ndiye pa chaka anapulumutsa madola 900 kapena kuposerapo pang'ono, madola 75 pa mwezi. Zimenezi n'zoona ndipo zimaoneka pa pampu kuyambira sabata yoyamba.

Koma chiwerengerochi chili ndi mabowo awiri. Loyamba, m'mabanja ambiri chiphakasa chija chinali galimoto yachiwiri, yongotuluka pokagula katundu kapena kukatenga ana. Ngati inkayenda makilomita 8,000 okha pa chaka, zopulumutsa zimatsika kufika malita 540, osakwana madola 400. Lachiwiri, galimoto yatsopano imakoma kuyendetsa, ndipo ikakhala yosamwa mafuta munthu sawerenganso maulendo. Ulendo womwe kale mukanausiya poopa kufera panjira, tsopano mumangonyamuka. Mwezi wachitatu ukamafika, mita ya mtunda imakhala itathamanga kuposa mmene yakale inkachitira, ndipo gawo la mafuta opulumutsidwa aja labwerera m'thanki.

Pali kanthu kena ka masamu komwe kamasokoneza ngakhale odziwa galimoto. Makilomita pa lita sakwera molingana ndi mafuta opulumutsidwa. Pa makilomita 10,000, kuchoka pa 6.7 kupita pa 10.6 kumapulumutsa malita pafupifupi 550. Kuchoka pa 10.6 kupita pa 21, monga Toyota Prius ya chaka chimenecho, yoyendera petulo ndi magetsi, kumapulumutsa 470 okha, ngakhale nambalayo yawirikiza. Apa ndiye opanga lamulo anaganiza bwino polunjika pa zidakwa zenizeni za mafuta. Pomwe anafooka ndi pa mapikiapu ndi ma SUV: yatsopano yoyenda mamailosi 18 pa galoni, yoposa yakale ndi 2 okha, inkapezetsa madola 3,500. Kulipira munthu ndalama yotere kuti achoke pa 16 kupita pa 18 ndi kuthandiza fakitale, osati mpweya.

Ngongole ndi yomwe imatembenuza chithunzi. Tiyerekeze Corolla ya madola 17,000. Mukachotsa 4,500 patsala 12,500, ndipo pa miyezi 60 ndi chiwongoladzanja cha 6 pa 100 pa chaka, mumalipira madola pafupifupi 240 mwezi uliwonse. Mafuta akukubwezerani 75. Pamwamba pake, wobwereketsa amafuna inshuwalansi yoteteza galimoto yonse, pomwe chiphakasa chija ambiri ankangochidulira yotchipa yoteteza anthu ena pamsewu. M'madera momwe msonkho wa galimoto amauwerengera potengera mtengo wake, nawonso unakwera. Mbali yabwino ndi yoti kuwononga ndalama pokonzetsa kunatheratu: palibenso giya bokisi yodumpha, radiyeta yodontha kapena ma ball joint otha, ndipo waranti inkaphimba zaka 3 kapena mamailosi 36,000. Komabe, munthu amene analibe ngongole ya galimoto mu Juni 2009 anafika Juni 2010 akutulutsa ndalama zambiri pa mwezi kuposa kale. Amene anapindula mosakayikitsa ndi amene anali kale ndi maganizo ogula yatsopano, ali ndi chiphakasa chosagulika kuseri kwa nyumba.

Galimoto yeniyeniyo sinavute kusamala. Injini yake, 2ZR-FE, ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, choncho palibe chosintha pamenepo pa mtunda woikika. Sevisi inali pa mamailosi 5,000 kapena miyezi 6, oyilo wopepuka wa 5W-20 kapena 0W-20, malita pafupifupi 4.2 pamodzi ndi fyuluta. Kuthiramo oyilo wolemera poganiza kuti ndiye woteteza kumangowonjezera kamwedwe ka mafuta, chimodzimodzi kuyenda ndi matayala ochepa mpweya. Ndipo amene ankangoyenda timaulendo tatifupi m'tauni nthawi yachisanu ankadabwa kuti mamailosi 29 pa galoni aja sakuoneka. Injini yosatenthetsa bwino imamwa, ngakhale ikhale yatsopano.

Vuto lalikulu linadza mwezi wachisanu. Pa 21 Januwale 2010 Toyota inaitanitsa galimoto pafupifupi 2.3 miliyoni ku America, kuphatikizapo Corolla za 2009 ndi 2010 komanso Camry, chifukwa chopondera moto chinkatha kulimba kapena kuchedwa kubwerera mukachotsa phazi. Pa 26 Januwale inaimitsa kugulitsa mitundu isanu ndi itatu. Mkati mwa chopondera muli tizigawo tokhulana toti phazi lizimva kulemera pang'ono. Tikaperepeseka n'kulowa chinyontho, tinkagwirana. Kukonza kwake kunali kulowetsamo kachitsulo kakang'ono kochepetsa kukhulanako, ntchito ya pafupifupi theka la ola, yaulere. Corolla zomwe nambala yake ya chesisi imayamba ndi J, zopangidwa ku Japan, sizinakhudzidwe chifukwa chopondera chake chinali cha kampani ina. Langizo lomwe linaperekedwa nthawi imeneyo likugwirabe ntchito pa galimoto iliyonse: moto ukakakamira, pondani buleki mwamphamvu osapopa, ikani giya pa N, imani pambali, kenako zimitsani injini.

Ogulitsa nawo anali ndi yawo miyezi yowawa. Iwo ndi amene ankachotsera wogula ndalamayo pomwepo n'kumadikira kuti boma liwabwezere. Madola 1 biliyoni oyamba anatha m'sabata imodzi yokha chiyambireni kulandira mafomu pa 24 Julaye, nyumba ya malamulo inawonjezera 2 biliyoni, koma makompyuta a NHTSA ankalephera kunyamula mafomu, ndipo fomu inkabwezedwa pa kacholakwika kakang'ono, monga umboni wa inshuwalansi wodumpha mwezi. Ena anasiya dongosololi tsiku lotseka lisanafike poopa kuti ndalama zawo zimira. Zinawonjezera chisokonezo n'zoti bungwe la zachilengedwe la EPA linakonzanso ziwerengero za kamwedwe ka galimoto zina dongosolo likungoyamba, moti galimoto yomwe dzulo inali pa 18 inapezeka pa 19, yosayeneranso.

Nanga msika? Mu Ogasiti 2009 malonda anafika pa liwiro loti likanapitirira chaka chonse zikanagulitsidwa galimoto 14 miliyoni. Mu Seputembala anagwa kufika pa 9 miliyoni ndi pang'ono. Akatswiri a zachuma Atif Mian ndi Amir Sufi anayerekeza mizinda yomwe inali ndi ziphakasa zambiri ndi yomwe inali ndi zochepa, n'kupeza kuti dongosololi linawonjezera malonda ndi galimoto pafupifupi 360,000 m'miyezi iwiri ija, koma pasanathe miyezi 10 kusiyanako kunafafanizika. Anthu anangofulumiza kugula zomwe akanagula mtsogolo. Kampani ya Edmunds, yofufuza za malonda a galimoto, inawerengera mwankhanza kuposa apo, kuti galimoto 125,000 zokha ndi zomwe sizikanagulidwa popanda ndalamayi, ndiye kuti madola 24,000 a okhoma msonkho pa iliyonse, ndipo boma la Obama linatsutsa poyera. Wina angakangane pa manambala, koma mbali yomwe akuloza ndi imodzi. Ovutika mwakachetechete anali osauka, omwe sakanakwanitsa galimoto yatsopano ngakhale atachotseredwa 4,500. Iwo amagula ya madola 2,000 ndi injini ya kwa ophwanya, ndipo zonse ziwiri zinachepa. Mitengo ya galimoto zakale inakweradi mu 2010, ngakhale chifukwa china chinali choti zatsopano zinagulidwa zochepa kwambiri mu 2008 ndi 2009.

Sodium silicate uja amamveka bwino mukayang'ana ku Germany. Kumeneko chaka chomwecho boma linkapereka mayuro 2,500 pa galimoto ya zaka 9 kapena kuposerapo, linaika mayuro 5 biliyoni, ndipo galimoto pafupifupi 2 miliyoni zinalowa m'dongosololi. Umboni woti galimoto yaphwanyidwa unali pepala lochokera kwa wophwanya, injini ili yamoyo. Bungwe la apolisi ofufuza milandu m'dzikolo linayerekeza kuti galimoto mpaka 50,000 zomwe pa pepala zinali zitaphwanyidwa zinatulutsidwa mozemba kupita ku Africa ndi kum'mawa kwa Ulaya, n'kumakayendabe. Ku Britain zinali mapaundi 2,000 pa galimoto yopitirira zaka 10, theka lochokera ku boma, theka kwa opanga galimoto, ndipo panalibe lamulo la kamwedwe ka mafuta pa yatsopanoyo, kungoti anthu okha anasankha ting'onoting'ono totchipa monga Hyundai i10. Ku Japan, komwe kumachokera galimoto zambiri za m'misewu ya Lilongwe ndi Lusaka, wophwanyitsa galimoto ya zaka 13 kapena kuposerapo n'kugula yatsopano ankalandira mayeni 250,000.