Trade Machine ya ESPN imadziwa malipiro, koma siidziwa chimene timu ikusowa

Aliyense wotsatira ligi ya basketball ya ku America ya NBA amene anayamba walakalaka kuti timu yake itenge katswiri wina amadziwa kuti chopinga chachikulu si kufuna kwa mphunzitsi, koma malamulo a malipiro. Trade Machine, yomwe imapezeka kwaulere pa tsamba la pa intaneti la kampani ya nkhani za masewera ya ESPN, inapangidwira vuto limeneli. Munthu amasankha matimu, n'kusamutsa osewera kuchoka kwina kupita kwina, ndipo makinawo amamuuza ngati kusinthanako kungaloledwe. Akakana, amasonyezanso pamene ndalama sizikugwirizana.

Apa ndi pamene pagona ubwino wake. Mu nyengo ya 2024-25 malire a malipiro a timu iliyonse anali pafupifupi madola 140.6 miliyoni, msonkho wa matimu owononga kwambiri unkayambira pa madola 170.8 miliyoni, ndipo mzere wotchedwa second apron, umene unabwera ndi mgwirizano wa 2023 pakati pa ligi ndi bungwe la osewera, unali pa madola 188.9 miliyoni. Timu imene yadutsa mzere womalizawu siiloledwa kuphatikiza malipiro a osewera awiri kuti itenge mmodzi wolandira zambiri. Munthu akayesa kangapo n'kukanidwa, amayamba kumvetsa chifukwa chake osewera ena amene salowa n'komwe m'bwalo amatchulidwa m'zosinthana zazikulu: amakhala ongodzazira ndalama basi.

Komabe kuloledwa ndi nkhani ina, nzeru ndi nkhani inanso. Mu February 2025 Dallas Mavericks inapereka Luka Dončić kwa Los Angeles Lakers n'kulandira Anthony Davis, Max Christie ndi mwayi wosankha wosewera watsopano m'gawo loyamba mu 2029, ndipo Utah Jazz inalowamo ngati timu yachitatu. Malipiro a Dončić ndi a Davis anali pafupifupi ofanana, aliyense madola 43 miliyoni ndi pang'ono, choncho ku mbali ya masamu panalibe chodabwitsa. Chodabwitsa chinali chakuti Dallas inasiya mnyamata wa zaka 25 amene anali atangoifikitsa mu ndime yomaliza ya mpikisano mu 2024, n'kutenga munthu wa zaka 31 wodziwika ndi kuvulala pafupipafupi. Akuluakulu a timuyo anati ankafuna kulimbitsa kutchinga. Ambiri anaonanso kuti Dončić anali pafupi kuyenerera kontirakiti ya zaka zisanu ya madola pafupifupi 345 miliyoni. Palibe batani pa makinawa limene lingayeze mantha a mwini timu pa ndalama zotere, kapena mkwiyo wa ochemerera umene unatsatira.

Kwa ine, chida chimenechi n'choyenera munthu amene akufuna kuphunzira malamulo, makamaka m'masabata oyandikira tsiku lotseka msika mu February pamene mphekesera zimachuluka. Zambiri mwa mphekeserazo zimathera pomwepo munthu akangolowetsa mayina a osewera n'kuona kuti malipiro awo sakugwirizana.