Pulogalamu ya manyuzi ya m'mawa: ndaipatsa malikisi 6 pa 10

Ndimasoka zovala kuseri kwa msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo kawailesi kanga kamakhala pashelefu pamwamba pa makina, pakati pa chitini cha mabatani ndi mipukutu ya ulusi. Ikangokwana 7 koloko ndimatchera pulogalamu ya wailesi ina ya kwathu konkuno, imene amawerenga manyuzipepala a ku Lusaka n'kumasulira m'Chinyanja, kuwonjezera nkhani za m'dera, kenako n'kutsegula mafoni. Dzina la wailesiyo ndalisunga. Ena mwa ana ogwira ntchito kumeneko ndinawasokera mayunifomu ali ku pulayimale.

Zabwino zilipo. Mawu amamveka ngakhale makina akulira, ndipo alamu anga ku Katete amaimva popanda kukweza waya pamtengo. Uthenga wa maliro sugona. Bungwe la boma logula mbewu la FRA likalengeza mtengo wa chimanga, kapena fetereza wotsika mtengo wa boma wa FISP akafika, ndimamvera pomwepo. Chinyanja chawonso ndi chathu, chosathira Chibemba ngati cha m'mabasi a ku Lusaka. Pa izi zokha ndikanapereka 9.

Malikisi atatuwo anadyedwa ndi nkhani za ndale.

Pa masankho a 2021, m'wadi mwathu munaima mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, kasitomala wanga wakalekale. Chipani chake chinatenga mwamuna wina, iye n'kuima payekha pa ukhansala. Ndine ndinamusokera masuti atatu a chitenje ochitira kampeni, ndiye nkhani yake ndinkaitchera khutu. Lolemba mnyamata woulutsa anati: mkulu wina wa chipani wanena kuti mayiyu ndi wokhumudwa chabe. Pamenepo panalibe vuto, ananena mwini mawu. Lachitatu anati "mayi amene anthu akuti ndi wokhumudwa". Anthu ake ati? Pofika Lachisanu zinangokhala "mayi wokhumudwa uja wachititsa msonkhano". Mwini mawu anagwera m'njira, mawuwo n'kutsala ali mbee pamphumi pa munthu ngati chiwongo. Enafe ndife a Phiri, a Banda, a Tembo, iye anasanduka a Wokhumudwa.

Pamsonkhanowo ine ndinalipo. Analankhula za mjigo umene unafa chaka chathunthu, za ngalande imene imasefukira m'nyumba za anthu mvula ikagwa kuchokera ku phiri la Kanjala, ndi za ndalama za CDF zotukulira dera, kuti komiti yake isamakhale ya achibale okhaokha. Pawailesi sipanamveke ngakhale mjigo.

Za ku Lusaka ndiye zimabwera zophikaphika, iwo amangotenthetsa. Chipani chaching'ono ndi "nashala neka", mawu a Chibemba onena munthu amene watsala yekha. China ndi "cha m'chikwama". Woima payekha ndi "wogawa mavoti" kapena "wotumidwa", koma amene anamutuma satchulidwa. Pamene a zipani zikuluzikulu amayamba ndi "Olemekezeka", maudindo onse n'kuwayala mpaka mpweya kutha. Womvera ali ndi mtondo kapena khasu m'manja, alibe nthawi yofufuza. Akangomva dzina lonyoza patsogolo, zotsatirazo samvanso. Ndi mmene ndimachitira inenso munthu akandiuza kuti nsalu iyi imasuluka: sindiifunyululanso.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti dziko lathuli laona zotere kangapo. Michael Sata atayambitsa chipani cha PF mu 2001 anapeza mavoti osafika 4 pa 100 alionse, anthu n'kumamuyesa wanthabwala. Analephera mu 2006 ndi 2008, koma mu 2011 analowa ku State House. Hakainde Hichilema ankatchedwa "Under Five", ngati mwana wa kusikelo, ena n'kumamunena za mtundu wake. Anagwa kasanu, mu 2017 anakhala m'ndende miyezi inayi pa mlandu woukira boma umene pambuyo pake unathetsedwa, ndipo mu 2021 anapambana ndi mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni pamene Edgar Lungu anapeza 1.8 miliyoni. Chaka chomwecho aphungu 13 analowa ku Nyumba ya Malamulo opanda chipani, ndipo a madera a Petauke Central, Lumezi ndi Nyimba anali m'gulu limenelo. Kuno kum'mawa komwe kuno! Ndiye kuti anthu onse anawavotera aja anali okhumudwa? Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma apa mlendo akum'landa kalumo asanakhale n'komwe pamphasa.

Sindikuti aliyense woima payekha ndi mngelo. Pa anthu 16 amene anapikisana pa upulezidenti mu 2021, ambiri sindingawazindikire atabwera kudzasoketsa buluku. Alipo ena amatulukira chaka cha masankho ngati bowa wa m'dzinja, mawa mumva agwirizana ndi chipani cholamula. Koma wotereyo muitaneni mu situdiyo, mum'funse kuti ndalama za zimene akulonjeza azitenga kuti, achite chibwibwi tonse tikumva. Dzina lonyoza limangopeputsira ntchito mtolankhani, safunikanso kukwera njinga kupita kumsonkhano.

Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinagula tokitaimu ya K5 n'kuimba. Foni inalowa kachisanu ndi chiwiri, ndipo ili ndi dandaulo lina: amene amalowa msanga ndi amuna anayi omwewo tsiku ndi tsiku, mpaka chifuwa chawo ndimachidziwa.

"Mwana wanga," ndinatero, "mawu akuti wokhumudwawa ndi anu kapena mwabwereka?"

Anaseka mwaulemu ndithu. "Amai, ndi mmene anthu akunenera."

"Anthuwo anamva kwa inu Lachisanu."

"Zikomo amai, nthawi yatithera, timve uthenga wa amalonda."

Kunalowa nyimbo yotsatsa mbewu ya chimanga. Pa ulemu sindingamunene, mwanayo analeredwa bwino. Mtsikana amene amawerenga Loweruka yekha ndiye amayesetsa: amati "malinga ndi nyuzipepala yakuti", ndipo akatchula dzina lonyoza amanena amene walinena. Akanam'patsa masiku onse, malikisi akanakwera.

Ngati mukufuna za maliro, za mitengo ya mbewu ndi za mbuzi zosochera, tcherani, simudzadandaula. Inenso sindinasiye. Pa za ndale, mukamva dzina lomatidwa pa munthu, dikirani mumve ngati atchule amene walimata.

Mayi uja masankho sanapambane. Mwezi watha anabwera kudzachepetsa imodzi mwa masuti aja, akuti shuga wamuwondetsa. Ndili pakati pomuyeza m'chiuno, mapini ali kukamwa, mtsikana wina amene ankadikira diresi lake la kitchen party anandikodola n'kunong'ona: "Amai, si aja okhumudwa aja?"