Zikwangwani zopulinta ndi makina a UV: zabwino ndithu, koma pa acrylic anatikhumudwitsa

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Tinapangitsa zikwangwani za bizinesi yathu ku kampani ina yomwe ili ndi makina akuluakulu aja a UV, chachikulu cha panja cha aluminiyamu, timabolodi ta PVC ta mkati, ndi china cha acrylic (pulasitiki yolimba yoonekera kuseri ngati galasi) cha pa risepushoni. Ndachedwa dala kulemba kuti zione kaye dzuwa ndi mvula, paja tsiku loyamba chikwangwani chilichonse chimakongola.

Kale tinkagwiritsa ntchito zomata sitika pa bolodi, amene munayesapo mukudziwa mavuto ake, m'makona kumatuka, pakati kutupa ndi mpweya, fumbi likangolowa pansi basi chatha. Apa palibe za sitika. Bolodi lenilenilo amaligoneka pa tebulo la makina, tebulolo limaliyamwa ndi mpweya kuti lisasunthe, ndiye mutu wa pulinta umangoyenda uku ndi uku ukuthira inki kwinaku nyale za UV (kuwala kwamphamvu komwe kumapezekanso m'dzuwa) zomwe zili m'mbali mwake zikuumitsa inkiyo pompopompo. Anandilola kuonerera, bolodi litangotsika ndinalikhudza ndi chala, louma gwa, chala osada ngakhale pang'ono. Zopulinta ndi inki ya solvent zija (inki youma pang'onopang'ono ndi mpweya) zimafuna kudikira kaye pafupifupi tsiku lathunthu asanaike laminate (kapulasitiki koonekera kuseri koteteza pamwamba), izi ayi, mukhoza kunyamula nthawi yomweyo. Kafungo kanalipo masiku oyambirira koma kanatha kokha.

Chimene chinandigometsa kwambiri ndi inki yoyera. Mapulinta wamba ali ndi mitundu inayi basi, CMYK (buluu, pinki, chikasu ndi wakuda), kuyera amadalira pepala, ndiye pa chinthu choonekera kuseri kapena chakuda mitundu imangozimirira. Awa pa acrylic anapulinta kumbuyo, chithunzi chotembenuza, kenako n'kuphimba ndi inki yoyera, ukayang'ana kutsogolo mitundu yake kuwala kwake abale, makasitomala mpaka kumachigwira kufuna kudziwa kuti zalembedwa pati.

Koma pomwepo ndi pamene panatuluka vuto. Pasanapite nthawi yaitali inki inayamba kusendeka mozungulira mabowo a masikuluwu, ukakanda ndi chikhadabo ikuchoka yonse ngati khungu. Inki ya UV siilowa mkati mwa chinthu, imauma n'kukhala pamwamba, ndiye pa zinthu zoterera ngati galasi ndi acrylic pamafunika kupukuta bwinobwino ndipo nthawi zambiri kupaka kaye mankhwala otchedwa primer kuti inkiyo igwire. Iwo sanapake, anavomera okha. Anatipangiranso china mwaulere, chabwino, koma zinatengera kuimba foni kangapo komanso kuuzidwa kuti bwana kulibe, ndipo zinandipweteka chifukwa ntchito ndi yawo, amayenera kudziwa asanapatse kasitomala. Nyenyezi imodzi yapita pamenepo. Chachiwirichi ndinamata selotepi pakona n'kuimatula mwamphamvu iwo akuona, inki osasuntha, mpaka pano chili bhobho.

Cha aluminiyamu cha panja ndiye ndilibe nacho mawu, dzuwa likuchiomba tsiku lonse koma zilembo zikadali zakuthwa, fumbi timangopukuta ndi kansalu konyowa. Anatiuza poyera kuti popanda laminate panja chimayamba kusuluka pakatha zaka 2 kapena 3, makamaka zofiira ndi zachikasu, ndiye ife tinaikitsa. Anthu ena amaganiza kuti poti dzina ndi UV ndiye kuti sichiopa dzuwa, ayi, UV yo ndi youmitsira inki basi. Komanso dziwani kuti mabolodi amenewa ambiri amabwera a mamita 2.44 kwa 1.22, chikwangwani chikaposa pamenepo amalumikiza, ndiye auzeni mzere wolumikizawo usadutse pakati pa chilembo kapena pa nambala ya foni. Kwa ife anauika pabwino, suoneka pokhapokha utayandikira.

Mnyamata wa dizaini ndimuyamikire. Anakana kugwiritsa ntchito logo yotumizidwa pa WhatsApp, akuti WhatsApp imafinya zithunzi ndipo zikakulitsidwa zimatuluka madontho okhaokha, anafuna ya vector (yosawonongeka ikakulitsidwa) mu PDF. Anatipulintiranso kasampulo pa kachidutswa ka bolodi lomwelo chifukwa mtundu wa pa sikirini ndi wa inki sufanana, buluu wathu anatuluka woderako ndipo anamukonza asanapulinte chachikulu. Kasampuloko kaumirireni ndithu, musavomere zongoonetsedwa pa kompyuta.

Timabolodi ta PVC tili bwino, kungoti timakandika msanga mukamatiunjika pamodzi, ikani pepala pakati ponyamula.

Za aluminiyamu ndi PVC ndidzapitanso konko mosakayika. Za acrylic kapena galasi ndidzafuna alembe pa koteshoni kuti primer apaka, ndipo selotepi ndidzapita nayo ndekha.