Kukumba kaye kapena kulandira kaye: njira zitatu zolipirira mlimi wosamala nthaka

Kuchokera mu 2005 pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi, thandizo la boma kwa mlimi wa ku Malawi silinasinthe kwenikweni: fetereza wokulitsa, wobereketsa ndi kambewu. Mu 2020 dzina la ndondomekoyi linakhala AIP (Affordable Inputs Programme), thumba likugulidwa pa K4,495, koma funso linali lomwe lija, lakuti dzina lanu lilimo m'kaundula kapena ayi. Palibe amafunsa ngati munatentha mapesi kapena munalima mpaka m'mbali mwenimweni mwa mtsinje. Wosamala nthaka ndi woiguga amaima pamzere umodzi.

Pali njira zina zimene thandizo limayendera limodzi ndi momwe mlimi akusamalira munda. Zitatu ndi izi, ndipo sizilingana mphamvu.

Ya kwa anansi athu ku Zimbabwe imatchedwa Pfumvudza, kapena Intwasa m'madera a Chindebele. Anaikonza ndi a bungwe la Foundations for Farming, boma n'kuitenga m'nyengo ya 2020/21 kuti zipangizo zake zaulere zizidzera mmenemo. Mlimi amayeza kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, n'kukumba maenje 1,456, m'mizere 52 ya maenje 28. Phando lililonse mumatsala mbewu ziwiri za chimanga, ndiye mzere umodzi umapereka zisononkho 56, zimene akuti zimadzaza ndowa yodyetsa banja sabata yathunthu. Mizere 52, masabata 52. Sagalauza munda wonse, amathira manyowa m'dzenje momwemo, amaphimbira ndi udzu kapena mapesi, ndipo chaka china amabzalapo nyemba kapena soya. Ndi mleranthaka yemweyu amene alangizi athu akhala akulalikira, kungoti kumeneko lamulo n'lakuti uphunzire, ukumbe, mlangizi aone, ndiye ulandire mbewu ndi fetereza.

Ubwino wake ukuonekeratu. Thukuta limagwera m'munda mwako, choncho palibe chifukwa chochitira mwaulesi. Fetereza wochepa amapita pamene pali muzu, ndipo dzenje lophimbira limasunga chinyezi pakagwa ng'amba ya masabata awiri. Kamundako n'kochepa moti kupalira pa nthawi yake n'kotheka.

Koma amene anakumbapo maenje mu Seputembala, dothi litauma gwa, akudziwa kuti si ntchito ya agogo okhala okha. Zophimbira nazo ndi nkhondo: ng'ombe ndi mbuzi zimafuna mapesi omwewo, anyamata osaka mbewa amayatsa moto, ena amaopa chiswe. Madandaulo akuti zipangizo zafika mvula itagwa kale, kapena zagawidwa moyang'ana chipani, amamveka kawirikawiri. Ndipo tisanamizane za zokolola. Mu 2021 Zimbabwe inakolola chimanga pafupifupi matani 2.7 miliyoni, koma mvula inagwa bwino chaka chimenecho. El Niño atabwera m'nyengo ya 2023/24, dzikolo linalengeza kuti lili pa ngozi ya chilala mu Epulo 2024, patangopita masabata ochepa Malawi italengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28. Dzenje limasunga madzi amene agwa, silibweretsa mvula.

Yachiwiri ndi yathu yomwe, Mbwezera Chilengedwe, imene imayendetsedwa kudzera m'makhonsolo ndi ndalama za World Bank. Apa anthu amalipidwa malinga ndi masiku amene agwira ntchito yokumba ngalande zokolola madzi m'mapiri, kutchinga zigwembe ndi miyala, kudzala vetiva ndi kusamalira nazale za mitengo. Mphamvu yake ili poti imagwira dera lonse. Madzi okokolola munda wanu amachokera m'munda wa mnzanu wakumtunda, ndipo mutakumba maenje chikwi panokha simungawaimitse. Ndalamayo imathandizanso mabanja m'miyezi ya njala. Chofooka chake n'chakuti chimene chikugulidwa ndi tsiku, osati mtengo wamoyo. Masiku akatha, mbande zimasiyidwa kwa mbuzi, ngalande zimadzaza mchenga, aliyense akudikira gawo lotsatira kuti adzalipidwe pozifukula. Malipiro akachedwa ndiye chidwi chonse chimathera pompo.

Yachitatu ili kutali, ku Costa Rica. Lamulo la zankhalango la 1996 linatsegula njira yoti kuyambira 1997 bungwe la boma la FONAFIFO lizilipira eni malo amene akusunga nkhalango, kubzala mitengo yatsopano, kapena kusakaniza mitengo ndi mbewu m'munda. Gawo lalikulu la ndalamazo limachokera ku msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo makampani ena opanga magetsi ndi madzi amasonkhako kuti mitsinje yawo isaphwe. Mgwirizano umakhala wa zaka zingapo, ndipo amabwera kudzaona ngati mitengo ilipodi. Lero nkhalango zaphimba kuposa theka la dzikolo, ngakhale zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo kuletsa kugwetsa nkhalango m'lamulo lomwelo.

Njira imeneyi ndi yachilungamo pa zonse, chifukwa imalipira chimene chaoneka ndi maso. Vuto lake kwa ife ndi malo. Malipiro osungira nkhalango amawerengedwa pa hekitala, ndiye amakomera mwini malo aakulu wokhala ndi mapepala. Mlimi wa ku Thyolo kapena Chiradzulu wa ekala imodzi ya makolo sangapatule theka lake kuti likhale tchire. Chimene tingatoleko ndi kulipira pa mtengo umodziumodzi umene wakula m'munda, monga nsangu kapena gliricidia, komanso nzeru yakuti wopindula ndi madzi asonkhe. Matope amene amavutitsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi nthaka ya minda ya m'madera amene madzi ake amathira mu mtsinje wa Shire.

Kwa mlimi wamng'ono, ine ndikuona kuti kachitidwe ka Pfumvudza ndiko kali pafupi ndi moyo wathu, chifukwa sikafuna ndalama zatsopano. Fetereza yemwe boma limagula kale angoperekedwa kwa amene waonetsa akalozera, mulu wa manyowa ndi mapesi osatentha. Koma zimenezi zimafuna mlangizi wofika pamunda uliwonse mvula isanagwe, pomwe alangizi athu ndi ochepa ndipo ambiri amayendera midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa. Kumene sangafike, mndandanda udzalembedwa pabwalo la mfumu monga kale. Okalamba ndi odwala nawonso afunika njira yawo, ndipo apa mpamene magulu a Mbwezera Chilengedwe angagwire ntchito yeniyeni: masiku ena olipidwa aja apite kokumbira maenje m'minda ya anthu amene sangathe kugwira khasu.