Kwadi yothamanga kapena yantchito, zomwe ndaona kuno ku Michigan

Abale a ku Lilongwe, makamaka inu alamu anga a ku Area 25 amene mwakhala mukundifunsa za njinga zamoto za matayala folo zija, zimene kuno ku America amati ATV ena amati kwadi, ndati ndingolemba kamodzi nonse muwerenge chifukwa ma voice note sakukwana. Mwati mukufuna imodzi yoti muzipita nayo kumunda ku Mitundu, pa weekend muzikazungulira nayo cha ku Dzalanyama, ndiye chithunzi mwanditumiziracho ndi cha Yamaha Raptor 700. Ndi yokongoladi alamu, sindikana, koma pa ntchito mwatchulayo imeneyo musagule.

Ine ndimagwira ntchito pamunda wa maapulo ndi mphesa kufupi ndi Berrien Springs, dera lino kuyambira ku South Bend mpaka ku Niles Amalawi tilipo ambiri ndithu, ndipo pamundapa kwadi ndi chinthu chatsiku ndi tsiku, timakokera kangolo ka mankhwala, kunyamulira mawaya a mpanda, kuyendera mipopi. Abwana anga alinso ndi kanyumba kakutchire kumpoto cha ku Baldwin komwe kuli tinjira ta makwadi todutsa m'nkhalango ya Manistee, ndiye mitundu yonse iwiri ndayikwerapo ndipo ndaona pomwe uliwonse umathera mphamvu.

Yothamangayo, monga Raptor kapena YFZ450R, imayenda ndi matayala akumbuyo okha, mphamvu imapita ndi tcheni, ili ndi kilachi ya kudzanja ndi giya ya kuphazi ngati njinga za akabaza zomwe mukuzidziwazo, ndipo ndi yopepuka, Raptor imalemera cha m'ma 190 kg. Ilibe kaliyala kutsogolo kapena kumbuyo, ngakhale jumbo ya shuga mulibe poyika. Yantchito, monga Yamaha Grizzly, Honda Rancher, Polaris Sportsman, Suzuki KingQuad, imakoka ndi matayala onse folo ukadina batani kapena kukoka kachitsulo, mphamvu imadutsa mu shafiti yotsekeredwa mkati, ili ndi makaliyala awiri ndi pokolekera ngolo. Chodabwitsa nchoti Raptor 700 ndi Grizzly 700 za masiku ano injini zake kukula nkofanana, 686cc, koma Grizzly imapitirira 300 kg ndipo khalidwe lake ndi lina kotheratu.

Komwe yothamanga imasangalatsa ndi pamchenga. Kuno kuli malo otchedwa Silver Lake m'mbali mwa nyanja ya Michigan, mapiri a mchenga okhaokha omwe boma linalola kuti anthu azisewererapo ndi makwadi, aliyense amamanga kambendera pandodo yaitali kuti wobwera kuseri kwa chitunda akuwone. Pamenepo Raptor imauluka abale, ukangofinya ndi chala chachikulu, paja mafuta ake sapotokola ngati njinga, umakankha kachitsulo ndi chala, kumbuyo kumataya mchenga m'mwamba mtima nkumagunda ngati uchoka. Amene amakonda zimenezo sindingawanyoze, ndi masewera enieni ndipo amafuna luso, thupi lonse limagwira ntchito, pokhota umapendekera mkati, pokwera umagonera kutsogolo. Mukadakhala kuti mumakhala ku Senga Bay ndipo ndalama ndi zosewerera, ndikanati gulani.

Koma tinjira ta m'nkhalango ndi nkhani ina. Kumeneko kuli mizu, zitsa, miyala, ndi matope omwe anzako adutsamo kale nkusiya mikwasa iwiri yakuya pakati pali chulu. Raptor kumbuyo kwake, pomwe pali sipuloketi ya tcheni ndi buleki, pansi pamatsala cha m'ma sentimita 11 basi, pomwe Grizzly mimba yake ili pafupifupi masentimita 29 kuchokera pansi. Mwana wa abwana anga analowa ndi yothamanga m'matope otere ndikuona, inakhala pachulucho ndi mimba, matayala akumbuyo nkumangozungulira m'mwamba akumwaza matope kumsana kwake, tcheni yonse itadzaza dothi ndi masamba a paini. Tinayikoka ndi wintchi ya pa Grizzly, kamakina kokokera zinthu ndi chingwe, pobwerera kunyumba anakhala madzulo onse akutsuka tcheni ndi kabulashi nkuyithira mafuta. Tsopano alamu ganizirani msewu wa kumunda kwanu mu January, katondo uja akanyowa, ndiye mukatsikire kudambo kuli makande, mungamayitsuke kangati tcheni imeneyo, ndipo mchenga ukamalowa tcheni ndi sipuloketi zimadyana msanga.

Pa kusaka ndiye palibenso mpikisano. Ku Michigan nyengo yosaka agwape ndi mfuti imayamba pa 15 November kutha pa 30, ndipo tsiku loyambalo anthu ambiri amapempha tchuthi kuntchito, ukapita kumpoto umangoona aliyense wavala zovala za olenji zowala kuti mnzake asamuyese nyama. Agwape akewo ndi white-tailed deer, akulu kuposa gwape wathu kutalitali, wamphongo wokhwima munthu mmodzi sunganyamule, ndipo alimi a zipatso amadandaula nawo chifukwa amadya nsonga za mitengo ing'onoing'ono. Ine mfuti sindigwira, ntchito yanga ndi yokatenga nyama akaipha. Kunja kumakhala kukuzizira zoti zala sizimva, nthawi zina chipale chitagwa kale, nyamayo ili kutsetse m'kati mwa zitsamba, amaitumbula pomwepo nthunzi ikutuluka m'mimba mwake, kenako awiri timaikweza pakaliyala wakumbuyo, mmodzi kugwira nyanga wina miyendo, nkuimanga ndi malamba okoka aja mutu tikuupinda kuti nyanga zisakole m'mitengo. Ndiye umayika giya yotsika, matayala onse folo, nkumakwera pang'onopang'ono injini ikungong'ung'udza. Yothamanga siitha kuyenda pang'onopang'ono chonchi, imafuna uzisewera ndi kilachi mpaka dzanja kutopa, ikazima pachitunda ndi katundu zako zada, komanso phokoso lake nyama zonse za m'deralo zimathawa usanafike.

Ndipo musaganize kuti kuno munthu amangokwera kwadi nkumathamangitsa nyama. Malamulo ndi okhwima zedi. Mfuti ikakhala pakwadi iyenera kukhala yopanda zipolopolo ndiponso yotsekeredwa, kwadiyo iyenera kukhala ndi sitika ya boma, yoyendera m'tinjira ta boma ndi inanso, chipewa cholimba kumutu nchokakamiza. M'nyengo ya mfuti ija, pamalo a boma osakirapo, saloleza kuyendetsa kwadi kuyambira 7 mpaka 11 m'mawa ndi 2 mpaka 5 masana, kupatula pazifukwa zochepa monga kukatenga nyama yophedwa kale, apo nkuyenda mwapang'onopang'ono. Kwadi ntchito yake ndi kukufikitsa ndi kukubweza ndi katundu, kusaka kwenikweniko munthu amakhala phee pamtengo kapena m'kakhumbi maola ambiri.

Ndanena izi dala chifukwa wina pagulu lathu lija analemba kuti tikapeza kwadi tizikagwira nguluwe ku Dzalanyama. Abale ayi. Imene ija ndi nkhalango yotetezedwa, ndi komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe umadzaza Kamuzu Dam madzi timamwa mu town, yavutika kale mokwanira ndi makala. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, pa nyama zina zotetezedwa chilango chimafika zaka 30 kundende. Kuno agwape ndi ochuluka mpaka boma limachita kuwerengera kuti aphedwe angati, kwathu zatsala zochepa, ndiye za kusakazo zisiyeni kuno. Kukayenda kukaona nkhalango, mutapempha kaye kwa a zankhalango ngati nkololedwa kulowa ndi kwadi, imeneyo ndi nkhani ina.

Kwa inu alamu phindu lili pa makaliyala ndi ngolo. Grizzly kutsogolo amalola 50 kg, ndiye thumba limodzi la feteleza, kumbuyo 90 kg, kutanthauza kuti matumba awiri mwapyola kale muyezo, koma pangolo imakoka mpaka 600 kg pamalo abwino. Soya, mtedza, manyowa, zigubu za madzi a kunazale ya fodya, zonsezo ikhoza kumakutulutsirani kumunda komwe pickup singafike nthawi ya dzinja. Ngakhale zili choncho ine ndikanasankha Honda Rancher 420 ya giya ya kuphazi, chifukwa Grizzly ndi Sportsman zimayendera lamba wa labala m'kati, ndi zokoma kuyendetsa poti ndi otomatiki, koma lambayo akaduka kapena kupsa muli ku Mitundu mudzamupeza kuti. Honda ilibe lamba, ndi magiya achitsulo, ndipo amakaniko a ku Biwi amene amasula njinga tsiku lililonse sangasokonezeke nayo kwambiri. Injini ya 420 ikukwanirani, yaikulu imangomwa petulo, ndipo mizere ya pa filling station mukuidziwa bwino kuposa ine. Kutumiza kuchokera kuno pakontena kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam kuphatikiza msonkho ndalama zake zimakwera kwambiri, yambani mwafufuza zogwiritsidwa kale ntchito ku Joni, ndipo wogulitsayo akuonetseni timalabala totchinga ma CV joint, mfundo za zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala, tikang'ambika madzi ndi dothi zimakhala zalowa kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngozi, chifukwa ndikudziwa mmene timachitira kwathu. Makina amenewa ali ndi mbiri, Honda inayamba ndi za matayala atatu mu 1970, zinagubuduza ndi kupha anthu ambiri mpaka mu 1988 makampani anagwirizana ndi boma la America kusiya kuzigulitsa, za matayala folo zomwe Suzuki inayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nzimene zinatsala. Koma nazonso zimagubuduka, ndipo yantchito ikakugwera ndi makilo 300 pachifuwa, wekha sungaichotse. Mpando wake ndi wautali osati kuti mukwezepo mayi a kunyumba ndi ana awiri ayi, ndi woti woyendetsa azisuntha thupi kutsogolo ndi kumbuyo pokwera ndi potsika. Mwana wa sukulu musamupatse kiyi ngakhale alire bwanji. Pa tala siyenera kuyenda, zambiri matayala akumbuyo amazungulira limodzi mofanana, ndiye pokhota pa msewu wouma imakana kenako nkutembenuka, musaganize zochoka nayo ku Area 25 kudutsa mu M1 mpaka ku Mitundu, ikwezeni pa pickup kapena izikhala kumunda konko.

Matayala akenso amafuna mpweya wochepa kwambiri, cha m'ma 5 psi basi, amakhala ofewa dala kuti azigwira dothi. Anyamata opopa matayala m'mbali mwa msewu akaliona adzati laphwa nkulipopa ngati la Sienta, likatero kwadi imangodumphadumpha ndipo sigwira pansi. Geji wamba ya galimoto siwerenga bwino mpweya wochepa chonchi, ndiye kageji kake ndi zipewa ziwiri ndikupatsirani munthu wobwera kumudzi mu December, inu mungondiuza saizi ya mutu wanu ndi ya amene azikuthandizani kumundako.