Dokyumentale ya ndale: yotenga mbali kapena yongoyang'ana?

Pali njira ziwiri zomwe opanga dokyumentale, mafilimu oonetsa zochitika zenizeni, amakonda. Yoyamba wopanga amanena poyera kuti ali mbali iti, amayankhula yekha mufilimumo ndipo amasankha zithunzi zomuikira kumbuyo, ngati m'mene Michael Moore anachitira mu 2004 potsutsa boma la George W. Bush ku America. Yachiwiri kamera imangotsatira andale osawafunsa mafunso, monga Robert Drew mu 1960 pomwe ankatsatira John F. Kennedy ndi Hubert Humphrey ku Wisconsin, ku America, akulimbirana kuimira chipani chawo pa chisankho cha pulezidenti.

Ndalama: yotenga mbali imadya pogula zithunzi zakale komanso kulipira maloya oti aone ngati simukuipitsa mbiri ya munthu. Yongoyang'ana imadya nthawi, miyezi mukungoyenda ndi kamera kudikira kuti chinachake chichitike.

Chilolezo: woyamba andale amamuthawa. Wachiwiri amamulola kulowa mpaka mgalimoto, koma vuto lake akazolowerana nawo zimavuta kuwaonetsa zoipa zawo.

Kukondera: apa ndi pomwe anthu amapusitsika, amaganiza kuti yongoyang'ana ndiye yachilungamo basi, koma ayi ndithu, pa editing, posankha ndi kulumikiza zojambulidwa, munthu amadula maola ambirimbiri n'kutsala ola limodzi ndi theka, ndipo akasankha kuonetsa wandale akuyasamula pomwe mayi wina akudandaula ndiye kuti waweruza kale mwakachetechete. Bola winayo timadziwiratu maganizo ake.

Kukhalitsa: yotenga mbali imakalamba chisankho chikangodutsa, inayo anthu amaibwererabe.

Muli ndi umboni wolimba ndipo mukufuna anthu achitepo kanthu msanga, tengani yoyamba. Muli ndi mtima wodikira komanso andale okulolani kulowa, yachiwiri ndi yanu.