Bandi ya malipenga yomwe tinaitana pa 6 July

Anzanga amene mukufuna bandi pa mwambo wa pasukulu tamverani kaye. Ife tinachita hayala bandi ina ya malipenga ya kuno ku Zomba pa chikondwerero cha ufulu ndipo kunena zoona pa nyimbo ya fuko anyamatawo anatikwanira. Amaimba mofatsa osathamanga ngati akuthawa mvula, ng'oma ikulowa pa nthawi yake, moti ana onse anaima njo manja m'mbali, ngakhale agogo ena omwe anali pa mkeka anadzuka ndi ndodo yawo.

Chomwe chinandisangalatsa, mkulu wa bandi asanayambe anawauza ana kuti nyimboyi anapeka ndi a Michael Sauka ndipo inasankhidwa mu 1964 chaka chomwe tinalandira ufulu kuchoka ku Britain, komanso kuti ili ndi ndime zitatu osati imodzi yokha ija timaimba pa asembule ndi ku mpira. Ana anadabwa, ine ndemwe pa ndime yachitatu ndimangogwedeza milomo basi mawu ayi.

Koma zofooka zilipo. Anafika mochedwa ndi ola lathunthu akuti minibasi inafera panjira, mlendo wolemekezeka atakhala kale. Lipenga limodzi limatsamwa nyimbo ikamakwera. Ya transipoti anatiuza pomaliza zomwe sitinagwirizane poyamba, ndiye mukamakambirana nawo lembani zonse papepala. Ndawapatsa 4 pa 5, chaka chamawa tiwaitananso koma mwambo wa 9 tidzawauza kuti ndi wa 8.